Lipoti la nkhani: amayi a shuga amene ankadziwa ubwino woyenda koma osayenda

Wodwala ndi chimene anabwerera

Lipotili ndi la amayi a zaka 54 okhala ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, amene ali ndi benchi ya zitenje mumsika wa Limbe. Dzina lawo ndi zina zonse zowazindikiritsa ndazisiya. Anafika kwa ife a mafizo m'mwezi wa Juni kuchokera ku kiliniki ya shuga ndi BP, ndipo m'kabuku kawo ka kuchipatala munalembedwa mwachidule kuti tiwalangize zolimbitsa thupi chifukwa satsatira malangizo.

Shuga anapezeka naye zaka 6 m'mbuyomo, BP zaka 4. Ankamwa metformin wa shuga ndi amlodipine wa BP, ndipo mankhwala sankadumphitsa. Tsiku loyamba analemera makilogalamu 86 pa msinkhu wa masentimita 158, BP inali 158/96, ndipo HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira m'magazi pa miyezi itatu yapitayo, inali 9.1%. Mapazi analibe zilonda ndipo ankamva bwino titawayeza, ngakhale anadandaula za dzanzi m'zala usiku. Pachifuwa sipankawapweteka. Bondo lakumanja linkawawa potsika chitunda. Kudzuka pampando osagwira anakwanitsa ka 9 pa masekondi 30. Pa mayeso oyenda mphindi 6 anaima mphindi yachinayi isanathe, atagwira pamtima, koma ankatha kulankhula bwinobwino ndipo sanali wefuwefu. Zimenezi ndinazilemba pambali chifukwa sizinkagwirizana ndi kutopa.

Tsiku lawo linali lokhala pansi. M'mawa njinga yamoto ya kabaza inkawatenga pakhomo kukawasiya pasiteji, minibasi n'kuwafikitsa ku Limbe, kenako pampando kuseri kwa benchi mpaka madzulo. Kunyumba ntchito zonse ankagwira ndi mtsikana wantchito ndi mdzukulu wawo wamkulu.

Zimene zinali zitayesedwa kale

Amayiwa sanali osadziwa. Nditawafunsa chimene anauzidwa pa zolimbitsa thupi, anayankha mosajejema kuti mphindi 30 pa tsiku, masiku 5 pa sabata. Awa ndi mawerengedwe a mphindi 150 zimene bungwe la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati ndiye poyambira pa munthu wamkulu pa sabata. Mantha nawonso anali nawo. Azakhali awo anadulidwa mwendo chifukwa cha shuga, ndipo iwo ndi amene anawadikirira m'chipatala.

Maphunziro ambiri amene timapereka pabenchi yodikirira, odwala asanalowe kwa dokotala, amatsamira pa ganizo lakale lotchedwa Health Belief Model, limene akatswiri a zamaganizo a ku America, monga Godfrey Hochbaum ndi Irwin Rosenstock, analiyamba m'ma 1950 pofuna kumvetsa chifukwa chimene anthu sankapitira kukajambulitsa chifuwa cha TB pamene kujambulako kunali kwaulere. Ganizoli limati munthu amachitapo kanthu akaona kuti matendawo angamugwere, kuti ndi oopsa, ndiponso kuti phindu la kuchitapo kanthu likuposa zopinga. Pa amayiwa zitatu zoyambazo zinali zokwana mpaka kusefukira. Chimene palibe anawafunsa ndi chachinayi, zopinga, ndipo ngakhale akanafunsidwa ndikukayika ngati akanayankha pamaso pa gulu.

Mwana wawo wamkazi amene ali ku Johannesburg anawatumizira nsapato zothamangira ndi thiraki suti, ndipo m'mawa uliwonse ankawalembera pa WhatsApp kufunsa ngati ayenda. Amayiwa ankayankha kuti eya. Nsapatozo zinali zikadali m'katoni yake.

Kucheza koyamba

Sindinayambe ndi malangizo. Ndinagwiritsa ntchito kachezedwe kamene William Miller anakafotokoza mu 1983 pothandiza anthu a uchidakwa, n'kudzakakonza pamodzi ndi Stephen Rollnick mu 1991. Mfundo yake ndi yakuti munthu amene maganizo ake ali pawiri, ukamukankhira mbali imodzi amayamba kuikira kumbuyo mbali inayo, choncho zifukwa zosinthira zizituluka pakamwa pake. Ndinawafunsa kuti pa mlingo wa 0 mpaka 10, kuyenda akukuona kofunika bwanji. Anati 9. Nanga akudzikhulupirira bwanji kuti angathe? Anati 2.

"Bwanji simunanene 0, amayi?"

Anaseka. "Adokotala, ine ndakulira ku Thyolo. Madzi tinkatunga kudambo, ndowa pamutu, mwana kumsana. Kuyenda musandiphunzitse."

Yankho limeneli linatsegula zinthu zitatu zimene sizinalembedwe m'kabuku.

Choyamba chinali cha mtima. Iwo ankakhulupirira kuti mtima ukayamba kugunda mwamphamvu pachitunda ndiye kuti BP yakwera, ndipo sitiroko ili pafupi. N'chifukwa chake anaima pa mayeso aja. Mnzawo wina wa mumsika anagwa n'kufa ziwalo mbali imodzi atangofika kuchokera kosiya katundu, ndipo anthu onse anati chinamupweteka ndi kuyendako.

Chachiwiri anachinena motsitsa mawu. Mzimayi wa bizinesi amene anthu anazolowera kumuona pa kabaza, akayamba kuyenda wapansi m'mawa, anthu amati mpamba watha. Akavala thiraki suti pa msinkhu wawo, amati wayamba zachitsikana, kaya wamuona ndani. Ndipo akachepa thupi, amati wayamba kumwa ma ARV. Bambo akunyumba nawonso anali atanena kale kuti safuna anthu aziti akulephera kusamala mkazi. Mawu awa si achilendo kwa aliyense amene wagwirapo ntchito m'makiliniki athu. M'badwo wa amayiwa unaika m'manda abale ambiri owonda m'zaka za m'ma 1990, ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004, ndipo kwa iwo thupi lodzaza ndi umboni wakuti munthu ali bwino.

Chachitatu chinatuluka chakumapeto, nditawafunsa chimene matendawa awalanda. Ndinkayembekezera kuti atchula tiyi wa shuga. Anati Mvano. Iwo ndi mayi wa Mvano mumpingo wa CCAP, ndipo kwa zaka zambiri ankatsogolera anzawo kukaona odwala ndi ofedwa m'milaga. Anasiya chifukwa ankatsalira m'mbuyo pazitunda za Bangwe, anzawo n'kumawadikirira, ndipo zinkawachititsa manyazi. Tsopano ankangopereka ndalama ya sopo ndi shuga wa odwalawo n'kutsala. Ponena zimenezi anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

Mmene ndinaionera nkhaniyi

Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, koma amene sankagwiritsa ntchito thupi mokwanira anali ochepa, pafupifupi mmodzi mwa 10. Ambiri a ife thupi timalilimbitsa ndi khasu, mtondo, ndowa ndi ulendo wa kuchigayo. Pa zimenezo sipafunika chilimbikitso, pamafunika njala. Ziphunzitso zimene timawerenga kusukulu zinakula pofufuza anthu amene amasankha kupita kokathamanga pa nthawi yopuma. Kwa amayiwa, kusiya kuyenda wapansi chinali chipatso cha thukuta la zaka 30. Kuwauza kuti ayambirenso kunali kuwauza kuti abweze chimene anachivutikira.

Pa ndondomeko ya masiteji a kusintha ya James Prochaska ndi Carlo DiClemente, imene anaiyesa poyamba pa anthu osiya fodya mu 1983, amayiwa akanaikidwa pa siteji yachiwiri, ya munthu amene akuganiza zosintha m'miyezi 6 ikubwerayo koma sanayambe. Ndinalemba choncho m'faelo chifukwa fomu imafuna, koma sizinandithandize kwenikweni. Anali atakhala pa siteji imeneyo zaka 6. Robert West analemba mu 2005 kuti malire a masitejiwa ndi ongoikidwa ndipo ndondomekoyi ndi yofunika kuisiya, ndipo pa wodwala ameneyu ndinamvetsa chimene ankatanthauza: kudziwa siteji sikunandiuze chimene chawamanga.

Chimene chinandiuza zambiri ndi ganizo la Icek Ajzen la 1991, lakuti cholinga cha munthu chimachokera pa zinthu zitatu: mmene iye akuchionera chinthucho, mmene akuganizira kuti anthu ofunika kwa iye achiona, ndi mmene akuonera kuti chili m'manja mwake. Choyamba chinali bwino. Chachiwiri ndi chachitatu n'zimene zinagwa. Pa chachitatucho Albert Bandura, mu 1977, anatchula magwero anayi a kudzikhulupirira: kuchita wekha n'kupambana, kuona mnzako wofanana nawe akutha, kulimbikitsidwa ndi mawu, ndi mmene umamasulira zimene thupi lako likumva. Iye anati gwero loyamba ndilo lamphamvu kuposa onse. Amayiwa anali atalandira lachitatu lokha, mawu, pamene lachinayi linkawaopseza tsiku lililonse.

Za mwana wawo uja zimalongosoka bwino ndi chiphunzitso cha Edward Deci ndi Richard Ryan cha 1985. Iwo amasiyanitsa chilimbikitso chokakamiza, pamene munthu akuchita chinthu poopa kukalipiridwa kapena kudziimba mlandu, ndi chilimbikitso chochokera mwa mwini wake, pamene akuchita chifukwa chinthucho chikugwirizana ndi chimene iye ali. Amati chachiwirichi chimakula munthu akamamva kuti akusankha yekha, kuti akutha, ndiponso kuti ali pamodzi ndi anzake. Mauthenga a m'mawa aja, ngakhale anali achikondi, ankabala bodza basi. Mvano unali ndi zonse zitatu.

Zimene tinachita

Tinayamba ndi mtima. Ndinawayeza BP atakhala pansi, kenako tinayenda limodzi pakhonde ndi panja mphindi 10, ine ndikuwafunsa za mitengo ya zitenje za ku Tanzania kuti azilankhula. Mtima utayamba kugunda anafuna kuima. Ndinawapempha kuti apitirize kundiuza nkhaniyo, ndi kuwafotokozera kuti munthu amene akutha kulankhula koma sangathe kuimba ali pa liwiro loyenera. Sindinawabisire kuti BP imakweradi pang'ono munthu akamayenda. Titapuma kwa kanthawi ndinawayezanso, ndipo nambala yapamwamba inali itatsika kuposa poyamba. Ndinawapatsa makinawo kuti awerenge okha. Ulendo wotsatira tinachita chimodzimodzi ndi shuga, kubaya chala asanayende ndi atayenda. Pepala la manambalawo analipinda n'kuliika m'chikwama, akuti akawaonetse bambo.

Ndinawauzanso zizindikiro zimene ayeneradi kuimira n'kubwera kuchipatala: kupweteka kapena kulemera pachifuwa, chizungulire, kubanika kosalekeza ngakhale atapuma, kufooka kwa dzanja kapena kupotoka kwa pakamwa. Munthu wamantha amamasuka akadziwa pamene pali malire enieni. Poti sankamwa glibenclamide kapena kubaya insulini, mankhwala amene angatsitse shuga mopitirira, chiopsezo chakuti shuga angatsike kwambiri poyenda chinali chochepa, koma za mapazi tinakambirana mwatsatanetsatane: osayenda ulendo wautali ndi masilipasi, ndipo madzulo aliwonse aziyang'ana pakati pa zala.

Cholinga anasankha okha: kubwerera kukaona odwala ndi anzawo a Mvano mvula isanayambe. Ine sindinatchulenso za kuchepa thupi, ndipo sikelo tinkakwera pokhapokha a kiliniki akafuna nambala. Mzimayi wovala yunifolomu ya Mvano, Baibulo m'manja, palibe amamufunsa chifukwa chimene akuyendera wapansi.

Koma cholinga pachokha sichiyendetsa munthu. Ryan Rhodes ndi Gert-Jan de Bruijn, atasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana mu 2013, anapeza kuti pafupifupi theka la anthu amene anatsimikiza zolimbitsa thupi sanachite. Peter Gollwitzer, mu 1999, anafotokoza njira yotsekera mpata umenewu: munthu anene pasadakhale kuti zakuti zikachitika, ndidzachita chakuti. Pa kafukufuku wa Sarah Milne, Sheina Orbell ndi Paschal Sheeran wa 2002, 91% ya ophunzira a ku Britain amene analemba tsiku, nthawi ndi malo anachitadi, poyerekeza ndi 35% ya amene anangolimbikitsidwa. Anali ophunzira a ku yunivesite, ndipo anawatsatira kwa nthawi yochepa, choncho nambala imeneyo sindiiyembekezera pa mayi wa shuga wa ku Bangwe. Koma njirayo siilira ndalama.

Ndinaganiza zakuti azitsika minibasi siteji imodzi asanafike kwawo. Anakana pomwepo: kondakitala amawadziwa, ndipo a kabaza adzawathamangira. Anabweretsa yawo. Masana akatha kudya, azisiya benchi kwa mtsikana wowathandiza n'kupita okha kumashopu kukaona zitenje zatsopano, ntchito imene ankatuma ena. Ku Limbe aliyense amakhala pa ulendo, palibe amayang'ana mnzake. Tinayamba ndi mphindi 10. Ndinaivomera msanga chifukwa kuyenda ukangotha kudya kumathandiza kuti shuga asakwere kwambiri, ndiponso chifukwa inali yawo. Chachiwiri, Lamlungu azipita kutchalitchi wapansi ndi mnzawo wa mlaga umodzi, mayi wamkulu kuposa iwo amenenso ali ndi BP. Pobwerera, komwe kuli chitunda, akwere kabaza ngati akufuna.

Polemba masiku amene ayenda, foni inakanika chifukwa imakhala m'chikwama pansi pa benchi. Anayamba kuchonga kumapeto kwa kope la ngongole, limene amalitsegula tsiku lililonse. Mwana wawo ndinamulankhula pa foni amayiwo ali pomwepo, atandilola. Ndinamupempha kuti asiye kufunsa ngati ayenda, koma azifunsa kuti sabata ino akaona ndani. Sanakondwe nazo poyamba. Nsapato zija zinayamba kuvalidwa, ndi chitenje. Thiraki suti anapatsa mdzukulu.

Mmene zinayendera

Pofika Ogasiti ankayenda mphindi 20 masana masiku ambiri a msika, ndipo pa mlingo wa kudzikhulupirira anadzipatsa 6. M'mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha, anasuntha ulendowo kupita chakumadzulo, ndipo masiku ochonga anachepa kwa masabata angapo chifukwa chizindikiro chija cha kutha kudya chinasokonekera. Tinachimangirira pa china: akamaliza kuwerenga ndalama za tsikulo. Mwezi womwewo anapita ulendo woyamba ndi a Mvano. Anatsalirabe m'mbuyo pang'ono, koma anati panali ena awiri kumbuyo kwawo.

Mu Januwale zonse zinaima. Mchimwene wawo anamwalira ku Thyolo, anakhalako masabata atatu, ndipo atabwerera anapeza mvula, matope ndi bizinesi yozizira ya mwezi wa fizi. Sanabwere pa tsiku limene tinapangana. Atabwera mu Febuluwale anayamba ndi kupepesa, n'kunena kuti zonse zija zapita pachabe, iwo ndi munthu wosatheka. Alan Marlatt, amene ankagwira ntchito ndi anthu osiya mowa, anafotokoza bwino msampha umenewu m'ma 1980: kuphonya kumodzi sikumene kumagwetsa munthu, koma kukumasulira kuti ndi umboni wakuti iye ndi wolephera. Sindinawatsutse ndi mawu. Ndinawapempha kope lija, tinawerenga limodzi zochonga za miyezi 6, kenako ndinawafunsa mmene ankayendera kumudzi. Zinapezeka kuti kumaliroko ankapita kumanda wapansi, kutsikira kudimba, ndi kuperekeza alendo kumsewu, koma zonsezo sanaziwerengere chifukwa sizinali za m'pangano lathu.

Ndinawauzanso za kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London, wofalitsidwa mu 2010. Iwo anatsatira anthu 96 ndipo anapeza kuti chinthu chatsopano chisanduke chizolowezi pankatenga masiku pakati pa 18 ndi 254, wapakatikati 66, ndiponso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga kanthu. Masabata asanu amene amayiwa sanachonge si tsiku limodzi, ndipo ndinawauza zimenezo. Tinabwerera pa mphindi 10, n'kupangana za mvula: ikagwa masana, azungulire mkati mwa msika m'mizere yofoleredwa.

Zolimbitsa minofu zinakanika. WHO imati zichitike masiku awiri pa sabata, ndipo pa bondo lawo zinali zofunika kwambiri. Ndinawaphunzitsa kudzuka ndi kukhala pampando mobwereza ndi kunyanyamphira atagwira khoma. Kuchipatala ankachita bwino, kunyumba ayi. Anati kuchita zimenezo m'chipinda wekha n'kofanana ndi kuvina popanda ng'oma. Sindinapeze pozimangirira pamene pakanawapatsa tanthauzo, ndipo kubwereza ubwino wake kukanangondibwezera pa maphunziro a pabenchi aja. Bambo akunyumba sanabwere ngakhale tinawaitana kudzera mwa amayiwo, koma anasiya kudandaula ataona kuti thupi silinasinthe kwambiri.

Zotsatira pa mwezi wa 12

Mu Juni wotsatira HbA1c inali 7.8%, BP 142/88, kulemera makilogalamu 84. Kudzuka pampando anakwanitsa ka 12, ndipo mayeso a mphindi 6 anamaliza osaima. Malinga ndi kope lawo, sabata yabwino ankafika mphindi 120 mpaka 140, sabata ya maliro kapena mvula theka la zimenezo. Pa 150 anali asanakhazikikepo.

Manambalawa asawerengedwe mopupuluma. A kiliniki anawonjezera metformin mu Seputembala, choncho kutsika kwa shuga sikungaikidwe pa kuyenda kokha. Zochonga ndi za mwini wake, ndipo uyu ndi munthu amene kale ankayankha eya kwa mwana wake asanayende. Chimene ndinachiona ndi maso anga ndi mayeso a pampando ndi a pakhonde. Pa ziphunzitsozo, sindinganene kuti chakuti ndicho chinagwira ntchito, chifukwa ndinazisakaniza. Cha Bandura ndi cha Deci ndi Ryan n'zimene zinandipatsa chochita m'manja. Cha Ajzen chinandipatsa funso la anthu adzati chiyani, limene kwa amayiwa linali lolemera kuposa mafunso ena onse, ndipo silili pa fomu yathu iliyonse.

BP ikadali pamwamba, choncho ndawabwezera ku kiliniki kuti akaonenso mankhwala. Kwa ife azibwera pakatha miyezi itatu iliyonse, ndipo ulendo wa Seputembala tidzakonzeratu za kutentha ndi za mvula zisanafike. Pa zolimbitsa minofu, amayi anzawo a mlaga aja avomera kubwera nawo ulendo wotsatira kuti tiyese ngati zingatheke akamachitira awiri pakhonde la tchalitchi, podikira kuti Mvano uyambe.